Madzi Saiwala Khwawa: Mbiri ya Gulu Loimba la WITCH la ku Zambia



Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Mtsinje ukhoza kuphwa kwa zaka zingapo, ana n'kumasewera phada pamchenga pamene kale pankadutsa madzi, ena n'kufika pobzalapo mbatata. Koma tsiku limene mvula yamphamvu idzagwe kumapiri, madzi aja adzadzera momwe muja ankadzera kale. Lero ndifuna ndikufotokozereni mbiri ya nyimbo zina za kwa anansi athu a ku Zambia, zimene zidaphwa ngati mtsinje kwa zaka pafupifupi 30, kenaka n'kubwereranso ndi mkokomo umene eni ake omwe sankauyembekezera.

Masiku ano zimachitika motere. Mnyamata kapena mtsikana, kaya ali ku Lilongwe, ku London kapena ku Los Angeles, akumvera nyimbo pa foni yake ya m'manja kudzera pa Spotify kapena pa YouTube. Nyimbo imene adasankha ikatha, makina amamuikira ina imene iye sadaipemphe. Amamva gitala wolira mosasa mawu, ng'oma zothamanga, ndi mwamuna woimba Chingerezi cha kalankhulidwe ka kuno kwathu. Akayang'ana dzina la gulu amapeza zilembo zisanu: WITCH. Amayamba waganiza kuti ndi anyamata a ku Mangalande kapena ku Amereka. Akafufuza amadabwa kuona kuti nyimbozo zidajambulidwa ku Chingola ndi ku Lusaka m'zaka za m'ma 1970. Pamenepo amauza anzake kuti, ndatulukira gulu limene palibe amalidziwa.

Mawu akuti kutulukirawa ndi ofunika kuwasinkhasinkha. Mabuku akale a kusukulu ankaphunzitsa kuti David Livingstone adatulukira mathithi a pa mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1855. Chikhalirecho eni dera adali atawaona kalekale mathithiwo, ndipo adali atawapatsa kale dzina lakuti Mosi-oa-Tunya, kutanthauza utsi wogunda ngati bingu. Chimodzimodzi ndi gulu la WITCH. Kwawo ku Zambia lidali lotchuka kwambiri kotero kuti anthu ankakanganirana pakhomo la holo kuti alowe. Adali asadalimve ndi anthu a kutali, ndipo adaliiwala ndi ana a m'nyumba momwemo. Funso lathu lero ndi lakuti: chidachitika n'chiyani kuti nyimbo zotere ziiwalike, nanga chidazisunga n'chiyani kufikira zitamvekanso?

Kumene mtsinjewu udachokera

Mbiri imeneyi idayambira kumigodi. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, makampani a Azungu adatsegula migodi ikuluikulu ya mkuwa m'dziko limene pa nthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia: Nkana ku Kitwe, Roan Antelope ku Luanshya, Nchanga ku Chingola, ndi wina ku Mufulira. Dera lonseli lidatchedwa Copperbelt. Amuna adakhamukirako kuchokera kumbali zonse: Abemba, Alozi, Atonga, Ansenga, Achewa ndi Angoni a ku Chipata, ndiponso ambiri ochokera kuno ku Nyasaland. Kuchokera mu 1953 mpaka 1963 maiko athu adali pansi pa chitaganya chimodzi, ndipo mabanja ambiri a ku Malawi kuno ali ndi agogo kapena amalume amene adakagwirako ntchito kumigodiko, ena osabwererako. Choncho nkhani imeneyi ikutikhudza ndithu, pakuti ndi ya pakhomo loyandikana nalo.

Dziko la Zambia lidalandira ufulu wodzilamulira pa 24 October 1964, motsogozedwa ndi a Kenneth Kaunda, amene bambo awo, a David Kaunda, adali mphunzitsi ndi mlaliki wochokera kumpoto kwa Nyasaland. Pa nthawiyo mkuwa unkagulidwa pa mtengo wabwino, ndipo Zambia idali m'gulu la maiko okumba mkuwa wambiri pa dziko lonse. M'matauni a kumigodi mudali ndalama, magetsi, mawailesi, magalamafoni ndi maholo a chisangalalo amene makampani adamangira antchito awo. M'masitolo munkapezeka mbale za The Beatles, The Rolling Stones ndi Jimi Hendrix, kenaka za Deep Purple ndi Black Sabbath. Mu December 1970 James Brown mwini wake adafika ku Zambia kudzaimba, ndipo achinyamata adaona ndi maso awo mmene munthu wakuda angagwedezere khamu la anthu ali pa nsanja.

Kwa amene simuchidziwa bwino chamba cha rock, ndi nyimbo zoimbidwa ndi magitala a magetsi ndi ng'oma zachizungu, zimene zidabadwira ku Amereka m'zaka za m'ma 1950. Muzu wake ndi nyimbo za blues za anthu akuda a kumeneko, zidzukulu za Aafirika amene adatengedwa ukapolo. Motero anyamata a ku Kitwe atayamba kuimba rock, adali kulandira chinthu chimene chidachoka mu Afirika muno kalekale, n'kukazungulira kutsidya la nyanja, n'kubwera chitavala zovala zina. Poyamba ankangotsanzira nyimbo za Azungu. Posakhalitsa adayamba kupeka zawo, n'kuikamo kagundidwe ka ng'oma za kumudzi ndi kaimbidwe kolandizana kamene tonse timakadziwa pa mtondo ndi pa bwalo. Chamba chatsopanochi chidapatsidwa dzina lakuti Zamrock.

Anyamata a ku Kitwe

Gulu la WITCH lidayamba ku Kitwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Anthu ambiri akamva dzinali amadzidzimuka, pakuti m'Chingerezi liwuli limatanthauza mfiti, ndipo kwathu kuno munthu sadzitcha mfiti mwamasewera. Koma chiyambi chake chidali china. Oimba rock amakhala ndi kabokosi koponda ndi phazi kamene kamasintha kaliridwe ka gitala, kuti azilira mokalipa ngati mavu otsekeredwa m'chitini. Dzina la gululi lidachokera ku dzina la kabokosi kameneko, atalidula kumutu. Pambuyo pake zilembo zisanu zija adazipatsa tanthauzo lakuti We Intend To Cause Havoc, ndiye kuti cholinga chathu n'kuutsa chipwirikiti. Chipwirikiti chake chidali cha pa bwalo la zovina, cha fumbi ndi thukuta.

Wotsogolera nyimbo adali Emmanuel Chanda, mnyamata wokulira m'makomboni a kumigodi ku Kitwe. Chifukwa cha kavinidwe kake kodumpha ndi kudzigwetsa, anthu adamufanizira ndi Mick Jagger wa The Rolling Stones, ndipo dzinalo atalipinda m'kamwa mwa Chiafirika lidasanduka Jagari. Anzake adali Chris Mbewe ndi John Muma pa magitala, Gedeon Mulenga pa gitala wa besi, Boidi Sinkala pa ng'oma, ndi Paul Mumba pa limba. Mutu umodzi susenza denga: ngakhale Jagari ndiye ankaonekera kutsogolo, phokoso limene dziko likulitama lerolo lidatuluka m'manja mwa onsewa.

Chimbale chawo choyamba, chotchedwa Introduction, adachijambula ku Chingola m'nyumba yojambuliramo ya Malachite, imene idali ya makampani a migodi. Pa nthawiyo kudinda mbale kudali kovuta ku Zambia, choncho tepi ya nyimbozo idanyamulidwa ulendo wa ku Nairobi, ku Kenya, kukadinditsa, ndipo mbalezo adabwera nazo kudzagulitsa okha kwa anthu obwera ku madansi awo. Pambuyo pake padatuluka In the Past, kenaka mu 1975 chimbale chimene ambiri amati ndicho chidaposa zonse, Lazy Bones!!, chojambulidwa ku DB Studios mu mzinda wa Lusaka. Mu 1976 adatulutsa Lukombo Vibes, momwe kagundidwe ka kumudzi kadayamba kumveka kwambiri, ndipo mu 1977 chidatuluka china chokhala ndi nyimbo yotchuka yakuti Janet. Zimbale zisanu m'zaka zowerengeka chabe ndi ntchito yaikulu kwa anyamata amene sadapite ku sukulu ya zoimbaimba.

Boma nalo lidathirapo manyowa. A Kaunda, amene nawonso ankadziwa kuimba gitala, adalamula m'zaka za m'ma 1970 kuti pa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi ya dzikolo, 95 zikhale za oimba a ku Zambia. Mwadzidzidzi wailesi idasowa nyimbo zokwanira, ndipo aliyense wodziwa kugwira gitala adapeza khomo lotsegula. Ku Ndola kampani ya Teal inkadinda mbale, ndipo a Edward Khuzwayo, eni ake a Zambia Music Parlour, ankathandiza magulu kujambula ndi kugulitsa nyimbo zawo.

Chifukwa cha ichi WITCH siidali yokha. Kudali gulu la Musi-O-Tunya, lotenga dzina la mathithi aja, momwe mudali Rikki Ililonga, mmodzi wa oyambitsa chambachi. Kudali Amanaz, amene adatulutsa chimbale chimodzi chokha, Africa, mu 1975, chokhala ndi nyimbo yofatsa yakuti Khala My Friend. Kudali Paul Nyirongo, wodziwika ndi dzina lakuti Paul Ngozi, ndi gulu lake la Ngozi Family, amene gitala wake ankalira mwaukali kuposa onse, ndipo ankaimba za moyo wa anthu osauka a m'makomboni a Lusaka, m'Chingerezi ndi m'Chinyanja. Chinyanja cha ku Lusaka ndi mphukira ya chilankhulo chathu chomwechi, kotero Mmalawi aliyense akamvera nyimbo za Paul Ngozi amamva zimene akunena popanda womasulira.

Kuno kwathu nyengo idali yosiyana. Boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda lidakhazikitsa bungwe lounika nyimbo, mabuku ndi makanema mu 1968, ndipo mu 1973 lidaika lamulo la kavalidwe. Amuna ankaletsedwa kusunga tsitsi lalitali, ndipo mathalauza otambalala kumiyendo sankaloledwa. Pamene anyamata a ku Kitwe ankadumpha pa nsanja atavala nsapato zazitali zidendene, anzawo a ku Blantyre ankayenera kuyenda mosamala. Maiko awiri oyandikana, a anthu apachibale, adalera achinyamata awo mosiyana chotero.

Mmene mtsinje udaphwera

Akuluakulu adati ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika. Chuma chonse cha Zambia chidatsamira pa mkuwa, umene unkabweretsa ndalama zoposa 90 pa 100 iliyonse ya ndalama zochokera kunja. Mu January 1973 boma la Ian Smith la ku Rhodesia lidatseka malire, ndipo njira yachidule yotumizira mkuwa ku nyanja idatsekeka. Chaka chomwecho mtengo wa mafuta udakwera pa dziko lonse. Pofika mu 1975 mtengo wa mkuwa udali utagwa kwambiri. Dziko lidalowa m'ngongole, katundu adayamba kusowa m'masitolo, ndipo munthu amene akuima pa mzere kudikira ufa ndi sopo saganiza zogula mbale ya galamafoni.

Nkhondo nayo idafika pakhomo. Zambia idasunga omenyera ufulu a ku Zimbabwe, South Africa ndi Namibia, ndipo idalipira mtengo wake. Mu October 1978 ndege za Rhodesia zidaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi, kufupi ndi Lusaka. Boma lidaika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kuyatsa magetsi. Gulu loimba limadya za usiku. Usiku ukatsekedwa, mphika wake umakhala pa mafuwa ozizira. Magulu adayesa kumaimba masana, koma ndalama zake zidali zochepa.

Makutu a anthu nawo adatembenuka. Kudabwera disco, imene mwini bala ankangofuna munthu mmodzi woika mbale m'malo molipira anyamata asanu. Kudabwera rumba ya ku Zaire, ndipo m'zaka za m'ma 1980 chamba cha kalindula chidatenga malo pa wailesi. Makaseti adafika, ndipo munthu mmodzi akagula nyimbo, mudzi wonse unkakopera kwa iye, woimba osapatako kanthu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Jagari adachoka m'gululi n'kupita kukaphunzira ntchito ya uphunzitsi, ndipo adakhala mphunzitsi wa zoimbaimba. Otsalawo, pamodzi ndi Patrick Mwondela woimba limba, adasintha n'kuyamba kuimba disco. Adatulutsa Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984. Dzina lomalizali ndi la mwambo wa Alozi, pamene mfumu yawo, Litunga, imasamuka pa bwato kuchoka ku Lealui kupita kumtunda ku Limulunga madzi a Zambezi akasefukira. Tanthauzo lake ndi kutuluka m'madzi. Koma gululo silidatulukemo. Patangopita nthawi pang'ono lidatha.

Kenaka udafika mliri umene tonse a msinkhu wathu tikuukumbukira ndi misozi. Edzi idalowa m'matauni a Zambia monga idaloweranso m'matauni athu, pa nthawi imene kudalibe mankhwala otalikitsa moyo ndipo anthu ankaopa ngakhale kutchula dzina lake. Mu 1987 a Kaunda adalimba mtima n'kuuza dziko lonse kuti mwana wawo, Masuzyo, adamwalira ndi matendawa chaka chapitacho. Oimba ambiri a Zamrock adapita ndi mliri umenewu ali m'zaka za mphamvu zawo. Paul Ngozi adamwalira mu 1989. Mwa anyamata amene adaimba m'zimbale zoyambirira za WITCH, adatsala ndi Jagari yekha. Mvula ikakuona litsiro siikata: iyenso ntchito ya uphunzitsi idamuthera, ndipo munthu amene ankadzaza maholo uja adakapezeka kutchire la kumpoto kwa Zambia, cha ku Mansa, akukumba miyala ya mtengo wapatali ndi piki ndi fosholo kuti adyetse banja lake.

Taonani tsono mmene chinthu chimaiwalikira. Palibe amene adalamula kuti nyimbo za WITCH zife. Oimba adamwalira, makampani adatseka, magalamafoni adawonongeka n'kusowa wokonza, matepi ambiri oyambirira adatayika, ndipo mbale zidatsala m'makatoni kuseri kwa zitseko, zina zitapindika ndi dzuwa, zina zitakalika. Ana obadwa m'zaka za m'ma 1990 ku Kitwe adakula osadziwa kuti m'tauni yawo momwemo mudatuluka nyimbo zotere.

Mlendo ndi kalumo kake

Pali mwambi wakuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. M'zaka za m'ma 2000, anthu ena a ku Ulaya ndi ku Amereka okonda kusonkhanitsa mbale zakale adayamba kupeza mbale za Zamrock, imodziimodzi, n'kumagulitsana pa mitengo yokwera. Kampani yaing'ono ya ku Germany yotchedwa Shadoks idadindanso zina mwa izo. Pambuyo pake Eothen Alapatt, wodziwika ndi dzina lakuti Egon, mwini kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, adafunafuna oimba amene adali moyo kuti agwirizane nawo mwa chilolezo. Adapeza Rikki Ililonga, amene adali atakhazikika ku Denmark ndipo adali atasunga matepi a nyimbo zake zaka zonsezo. Mu 2010 nyimbo za Ililonga ndi Musi-O-Tunya zidatulukanso pansi pa dzina lakuti Dark Sunrise. Mu 2012 zimbale za rock za WITCH zidatulutsidwa pamodzi m'bokosi limodzi, ndipo mu 2017 padatuluka magawo awiri a Welcome to Zamrock!, osonkhanitsa magulu ambiri. Nyimbo zambiri zidachita kutengedwa pa mbale zakale, n'kuyeretsedwa ndi kompyuta, chifukwa matepi ake adali atasowa.

Apa ndi pamene intaneti idalowererapo. YouTube idayamba mu 2005, ndipo Spotify idayamba ku Sweden mu 2008. Kagwiridwe kake ka ntchito ndi kotere: nyimbo zimasungidwa m'makompyuta akuluakulu a kampani, ndipo womvera amangozitunga pa nthawi imene akuzifuna, monga munthu atunga madzi pa mjigo osasenza chitsime kupita nacho kwawo. Makinawo amasunga chiwerengero cha zimene anthu akumvera. Akaona kuti ambiri okonda Jimi Hendrix akondanso Lazy Bones!!, amayamba kuika nyimboyo patsogolo pa ena onse okonda Hendrix. Motero mbale imene kale inkapezeka kwa anthu ochepa olemera idafika m'makutu a wina aliyense wokhala ndi foni. Chodabwitsa n'chakuti Spotify idafika ku Zambia ndi ku Malawi mu 2021. Kwa zaka zingapo mnyamata wa ku Stockholm ankatha kumvera WITCH pa Spotify pamene mdzukulu wa wokumba mkuwa ku Kitwe adali asadatsegulidwire khomo limenelo.

Mmodzi wa amene adamva nyimbozi ndi Gio Arlotta wa ku Italy. Iye adanyamuka ulendo wa ku Zambia kukafuna Jagari, ndipo adajambula kanema wa moyo wake amene adatuluka mu 2019. Pa ntchito imeneyi adabwera ndi oimba achinyamata a ku Netherlands, mmodzi wa iwo Jacco Gardner, amene adali ataphunzira nyimbo za WITCH pozimvera kwawo. Jagari ndi Patrick Mwondela adagwirizana nawo, gulu lidadzukanso, ndipo mu 2017 adayenda m'maiko a ku Ulaya kukaimba. Pambuyo pake adafikanso ku Amereka. Mu 2023, patatha zaka 39 chitulukire Kuomboka, WITCH idatulutsa chimbale chatsopano, Zango, chojambulidwa ku DB Studios komwe kuja kudajambulidwa Lazy Bones!! Mu chimbale chimenechi mudaimbanso Sampa the Great, mtsikana wobadwira ku Zambia amene adatchuka kunja, ndipo iye mwini adali atalemekeza kale Zamrock m'nyimbo yake ya mu 2022 yakuti Never Forget. Mu 2025 gululi lidatulutsa chimbale china, Sogolo, liwu limene ife timati tsogolo. Nkhalamba yopitirira zaka 70 kutcha chimbale chake dzina lotere, ndiye kuti mtima udakali wamphamvu.

Ngakhale akufa adamvekanso. Mu 2024 woimba wotchuka wa ku Amereka, Tyler, the Creator, adatenga chigawo cha nyimbo ya Ngozi Family yakuti Nizakupanga Ngozi, ya mu chimbale cha 45,000 Volts cha mu 1977, n'kuchiika m'nyimbo yake yotchedwa Noid. Anthu miyandamiyanda pa dziko lonse adamva mawu a Paul Ngozi akuimba m'Chinyanja, patatha zaka 35 iye ataikidwa m'manda. Achinyamata ambiri a ku Lusaka ndi ku Lilongwe adamva dzina la Paul Ngozi koyamba kudzera mwa Mmereka ameneyu.

Zimene tingatolepo

Anthu ambiri akamva mbiri imeneyi amati intaneti ndiyo idaukitsa Zamrock. Ine ndikuti tiyeni tiyang'anitsitse. Intaneti ili ngati mvula ija yogwa kumapiri: ili ndi mphamvu yaikulu, koma madzi ake amatsata khwawa limene lilipo kale. Khwawalo adalikumba ndi anyamata amene adanyamula tepi mpaka ku Nairobi, a Khuzwayo amene adaika ndalama zawo pa nyimbo za ana a m'dziko, Rikki Ililonga amene adasamuka ndi matepi ake osawataya, ndi anthu osadziwika maina amene adasunga mbale m'katoni kwa zaka 30 pamene anzawo ankati ndi zinyalala. Makina sangaikire munthu nyimbo imene palibe adaiikamo. Ku Copperbelt kudali magulu ena ambiri amene ankavinitsa anthu m'maholo omwewo koma sadajambule kanthu, kapena mbale zawo zidatheratu. Amenewo palibe Spotify imene idzawaukitse.

Chachiwiri, ulemu umenewu udabwera mochedwa. Chris Mbewe, John Muma, Gedeon Mulenga, Boidi Sinkala, Paul Mumba ndi Paul Ngozi sadaone anthu a ku Paris ndi ku New York akuvina nyimbo zawo. Ndalama zimene woimba amalandira nyimbo yake ikamveredwa kamodzi pa intaneti ndi zochepetsetsa, kotero kuti pamafunika anthu zikwizikwi kuti apeze yogulira thumba la ufa. Jagari adapindula makamaka chifukwa adali moyo ndipo adatha kukweranso pa nsanja. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Woimba, mmisiri, kapena wokamba nthano ayamikiridwe akadali ndi makutu omvera kuyamikako.

Chachitatu ndi chowawa, koma chiyenera kunenedwa. Mlendo adabweradi ndi kalumo kakuthwa, ndipo tiyenera kumuthokoza. Komabe tidzifunse chifukwa chake eni nyumba tidalola tsitsi kukula chotero kufikira mlendo atatimeta. Khalidwe limeneli silili ku Zambia kokha. Nyimbo zambiri za makolo athu za m'zaka za m'ma 1950 zikumveka lero chifukwa Hugh Tracey adayenda ndi makina ake m'midzi ya Nyasaland, ndipo zimasungidwa ku South Africa. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald adadziwika kunja chifukwa Gerhard Kubik wa ku Austria adakumana nawo ku Blantyre mu 1967 n'kuyamba kuwajambula. Allan Namoko, katswiri wa banjo wa ku Thyolo, adamwalira mu 1995, ndipo ndi achinyamata angati lero amene angatchule nyimbo zake zitatu? Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Choncho adzukulu anga, mukapeza gulu lakale pa foni yanu n'kulikonda, kondwerani ndithu, ndipo uzani anzanu. Koma musalekere pomwepo. Tengani foni yomweyo mupite nayo kwa agogo anu, muwaikire Lazy Bones!! kapena nyimbo ya Paul Ngozi, muone ngati nkhope yawo siisintha. Ngati adakhalako kumigodi kapena ankatsegula wailesi ya Lusaka madzulo, adzakuuzani zimene palibe makina angakuuzeni: holo yake idali iti, ankavala chiyani, ankavina ndi yani. Mukapeza mbale za galamafoni m'nyumba, muziimike chilili pamalo ouma ndi opanda dzuwa, musazisanjikize. Makaseti akale, a kwaya ya kumpingo, a gulu la kumudzi, a ukwati wa makolo anu, musawataye pokonza m'nyumba. Funani wodziwa kuwasamutsira mu kompyuta. Agogo akayamba nyimbo ya pa mtondo kapena ya kudambwe imene ili yololedwa kuimbidwa poyera, ajambuleni, ndipo lembani dzina lawo, mudzi wawo, chaka, ndi tanthauzo la mawuwo monga iwo akulifotokozera. Nyimbo yopanda dzina la mwini ndi chaka chake ili ngati mwana wotayika pa msika.

Makolo adati mawu a akulu akoma akagonera. Nyimbo za anyamata a ku Kitwe zidagonera zaka zambiri, ndipo zakomadi. Koma chimagonera ndi chimene wina adachivundikira bwino n'kuchiika pa nsanja. Chosiyidwa pabwalo chimadyedwa ndi agalu usiku womwewo.